Nyimbo Patsogolo, Mwini Wake Pambuyo

Mphwanga, wanena kuti mtima wako uli pa nyimbo ndipo ukufuna kuti kuimba kudzakhale ntchito yako. Sindikukuletsa ayi. Luso ndi mphatso, ndipo munthu wokwirira mphatso amalakwira amene anamupatsa. Koma ndaona anyamata ndi atsikana ambiri a mawu okoma amene anatchuka chaka chimodzi, chaka chinacho n'kuyamba kupemphetsa ya sopo. Luso anali nalo ndithu. Chimene chinawagwetsa n'chakuti anakonda kutchuka kuposa ntchito imene imabala kutchukako. N'chifukwa chake ndikufuna ndikuuze za munthu wina wa ku France, Jean-Jacques Goldman, woimba ndiponso wopeka nyimbo, amene moyo wake wonse anaika nyimbo patsogolo, iye mwini n'kumatsalira pambuyo.

Mwina dzinali sunalimvepo, koma ntchito yake unaimva. Ngati unamverako Céline Dion akuimba m'Chifalansa nyimbo ya "Pour que tu m'aimes encore", kapena Khaled wa ku Algeria akuimba "Aïcha", ndiye kuti Goldman unakumana naye kale, chifukwa ndiye anazipeka. Kwawo ku France anasiya kuyendayenda ndi bandi m'chaka cha 2002, atolankhani samawalola kumufunsa mafunso mwachisawawa, pa kanema saonekaoneka, koma nyuzipepala ya Journal du Dimanche ikafunsa anthu kuti munthu amene amamukonda kwambiri m'dzikomo ndani, dzina lake lakhala likutsogola kwa zaka zambiri. Munthu wotere ndi woyenera kumuyang'anitsitsa.

Goldman anabadwira ku Paris pa 11 Okutobala 1951. Makolo ake onse anali Ayuda obwera. Bambo ake, Alter Goldman, anabadwira ku Lublin m'dziko la Poland, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali m'gulu la anthu amene ankamenyana mobisa ndi asilikali a Germany omwe analanda France. Mayi ake, Ruth, anabadwira ku Munich ndipo anachokako pothawa ulamuliro wa chipani cha Nazi. Nkhondo itatha, banjali linakhazikika ku Montrouge, tauni yogundana ndi Paris chakummwera, komwe linkayendetsa sitolo yogulitsa nsapato, zovala ndi zipangizo zamasewera. Mwanayu anakulira pakati pa anthu odziwa kuti dziko limatha kutembenuka tsiku limodzi, ndiponso kuti chakudya cha mawa chimachokera pa kauntala ya lero.

Ali wamng'ono anamuphunzitsa vayolini ndi piyano. Atafika pausinkhu wa unyamata ankaliza limba m'kagulu ka nyimbo zauzimu ka pa tchalitchi china ku Montrouge, kotchedwa Red Mountain Gospellers, kenako anagwira gitala n'kuyamba kuimba ndi anzake m'madansi. Komabe atamaliza sekondale sanataye makope. Anapita ku Lille kukaphunzira zamalonda pa sukulu ya EDHEC, n'kumaliza mu 1973. Anagwira ntchito ya usilikali imene anyamata a ku France ankayenera kugwira nthawi imeneyo, kenako anabwerera ku Montrouge kukaima pa kauntala ya sitolo ya kwawo limodzi ndi mng'ono wake Robert.

Tsono choyamba, tamvetsera bwino chimene chinachitika. Mu 1975 gulu limene ankaimbamo, la Taï Phong, linatulutsa nyimbo ya "Sister Jane" imene inalira ndithu pa mawailesi. Wina akanatseka sitolo tsiku lomwelo n'kukagula suti. Goldman anapitiriza kugulitsa nsapato. Anzake atafuna kuyamba kuyenda m'mizinda kukaimba, iye anakana, mpaka anapeza mnyamata wina wa ku Wales, Michael Jones, woti azipita m'malo mwake. M'zaka zotsatira anayesa kutulutsa timbale ting'onoting'ono payekha, koma palibe kamene kanagwira. Anapitiriza kupeka nyimbo madzulo, masana akuyeza anthu mapazi. Mu 1981, akuyandikira zaka 30, nyimbo ya "Il suffira d'un signe" inatuluka n'kudzamveka France yonse. Ngakhale pamenepo sitolo sanaisiye msanga. Anachoka pa kauntala kumapeto kwa 1982, chimbale chachiwiri chitatuluka ndipo nyimbo ya "Quand la musique est bonne" itatsimikiza kuti kupambana koyamba kuja sikunali mwayi chabe.

Kuchokera mu 1975 kufika mu 1982 ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Usaganize kuti anali wamantha kapena wosakhulupirira luso lake. Ankadziwa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Woimba amene ali ndi podyera amatha kukana mgwirizano woipa. Amatha kuuza mwini situdiyo kuti nyimbo iyi sinapse, tidikire. Amatha kulephera kanayi osafa ndi njala. Koma woimba wanjala amasaina chilichonse chimene amuikira patebulo, amaimba nyimbo yotamanda aliyense amene wamugulira chakudya, ndipo pofika pozindikira, dzina lake laipa kale. Choncho sukulu umalize, mphwanga. Ngati uli ndi ntchito yamanja, uigwire. Nyimbo uziipatsa madzulo ako ndi Loweruka lako mpaka tsiku limene idzayambe kukudyetsa miyezi yonse ya pachaka, osati mwezi wa Disembala wokha. Ndipo kumbukira kuti Goldman ankachita zimenezi m'dziko limene anthu ankagula zimbale mamiliyoni. Ngati iye anaona kuti n'koyenera kudikira, kuli bwanji iwe amene nyimbo yako anthu adzagawana pa foni ulere tsiku lomwe yatuluka?

Chachiwiri ndi nkhani ya chilankhulo. Nyimbo za Taï Phong zinali za m'Chingerezi, zazitali, zotengera magulu a rock a ku Britain a nthawi imeneyo. Monga achinyamata ambiri a m'badwo wake, Goldman ankayesa kuti nyimbo yamphamvu imaimbidwa m'Chingerezi basi. Iye anafotokozapo kuti ali pa sukulu ku Lille anapita kukaonera gulu la Zoo, limene linkaimba limodzi ndi Léo Ferré, mlakatuli ndi woimba wachikulire, ndipo anatuluka m'holomo atadziwa kuti Chifalansa nachonso chingagwedeze mtima wa munthu. Nyimbo zonse zimene zinadzamukweza ndi za m'chilankhulo chimene ankalankhula ndi makasitomala m'sitolo muja, ndipo mawu ake ndi wamba, oti mwana wa sekondale ndi agogo ake amamva onse.

Zakunja sanazitaye. Kalilidwe ka gitala anakatenga ku blues ndi rock, mphamvu ya makwaya anaitenga ku nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America, ndipo ankanena poyera kuti Aretha Franklin ndiye anamutsegula makutu. Koma zonsezi anaziveka mawu a kwawo n'kuziimbira anthu a kwawo. Nyimbo ya "Je te donne", imene anaimba ndi Michael Jones mu 1985 n'kukhala pamwamba masabata angapo, ili ndi zilankhulo zonse ziwiri, aliyense akuimba chake, ndipo nkhani yake ndi yomweyo yakuti anthu osiyana angapatsane zimene ali nazo. Iwe phunzira kwa aliyense amene wakusangalatsa, kaya ndi wa ku Lagos, ku Kingston kapena ku Atlanta. Koma ukafuna kunena chimene chili pansi pa mtima wako, unene m'chilankhulo chimene umalira nacho pamaliro. Wotsanzira sangapose mwini wake, pamene mawu a kwanu palibe mlendo amene angakulande.

Chachitatu, phunzira chida choimbira mpaka chikulowe m'manja, ndipo phunzira kudziletsa. Vayolini ija anamuphunzitsa ali mwana inadzagwira ntchito yaikulu mu 1982 m'nyimbo ya "Comme toi". Nyimboyi ikunena za kamtsikana ka Chiyuda kotchedwa Sarah, kamene kankakonda zinthu zimene mwana aliyense amakonda, kenako anthu ena anadula moyo wake. Goldman, mwana wa makolo amene anapulumuka nthawi imeneyo, akanatha kudzaza nyimboyi ndi magazi ndi mkwiyo. Sanatero. Mulibe mawu otchula ndende zophera anthu, mulibe kutukwana. Muli sukulu, anzake a mwanayo, nthano zimene ankakonda, ndiyeno vayolini imalira pamalo pamene mawu alekezera. Akamaimba nyimboyi pa siteji, vayoliniyo ankaliza yekha. Womvera amadziwonjezera yekha zimene sizinanenedwe, ndipo n'chifukwa chake nyimboyi imalasa mpaka lero.

Anachitanso chimodzimodzi mu 1990 m'nyimbo ya "Né en 17 à Leidenstadt". M'malo moloza chala anthu a ku Germany, anadzifunsa yekha ngati akanachita bwino kuposa iwo akanabadwira kumeneko mu 1917, n'kukulira m'dziko logonja, lodzaza ndi manyazi ndi chidani. Anzake awiri oimba nawo anafunsa funso lomwelo za Belfast ndi za Johannesburg ya nthawi ya tsankho. Taganiza, mwana wa Ayuda kudziika m'malo mwa munthu wa mbali inayo! Pamenepa m'pamene pali kusiyana kwa wopeka nyimbo ndi wolalata. Kulalata n'kosavuta, ndipo kumabweretsa m'manja msanga. Koma nyimbo imene imakhalitsa ndi imene imasiyira womvera ntchito yoti aganize. Kompyuta ingakupangire kugunda kwa ng'oma kulikonse kumene ukufuna, koma singakuuze mawu oyenera kuchotsa. Zimenezo umaphunzira polemba nyimbo zambiri n'kutaya zambiri.

Chachinayi ndi kanyozedwe. Usaganize kuti Goldman ankayamikiridwa ndi onse. M'zaka zoyambirira, atolankhani ambiri olemba za nyimbo ku Paris ankamuseka. Ankati mawu ake ndi opyapyala, nyimbo zake ndi za tiatsikana ta sukulu, ndipo sadzakhalitsa. Kumapeto kwa 1985, pamene ankadzaza holo yaikulu ya Zénith ku Paris, anagula tsamba lonse m'nyuzipepala, n'kusindikizapo zonyoza zimene anamulembera, pansi pake n'kulembapo ndi dzanja lake mawu ochepa othokoza anthu chifukwa chobwerabe kudzamuonera. Sanatukwane aliyense, sanapeke nyimbo yobwezera. Anabwerera ku situdiyo, ndipo mu 1987 anatulutsa "Entre gris clair et gris foncé", chimbale cha mbale ziwiri chimene chinatseka pakamwa ambiri mwa onyoza aja.

Masiku ano wonyoza sakufunikanso nyuzipepala. Ali pa Facebook, ali pa WhatsApp, ndipo adzakupeza usiku uli pabedi. Phunzira kusiyanitsa anthu awiri. Pali amene akukuuza kuti kolasi ya nyimbo yako ndi yofooka kapena kuti ukuimba motaya chuni. Ameneyo mumvere ngakhale walankhula mokhadzula, chifukwa wakupatsa ulere chimene ena amalipira. Palinso amene akunyoza nkhope yako, mtundu wako kapena umphawi wa kwanu. Ameneyo usamuyankhe, chifukwa nthawi imene ungathere pa iye ndi yomwe ukanalembera nyimbo ina. Ndaona oimba aluso akuthera chaka chathunthu pa mikangano ya pa intaneti, ndipo anthu amene ankawakhwizira aja ndi omwewo anayamba kuwatopa.

Chachisanu, ukakwera usaiwale amene waima nawo. Pofika mu 1990 Goldman anali pamwamba penipeni, dzina lake lokha linkadzaza maholo. Nthawi yomweyo m'pamene anasankha kuleka kuimba yekha n'kupanga gulu la anthu atatu ndi Michael Jones, mnyamata uja analowa m'malo mwake ku Taï Phong, komanso Carole Fredericks, mayi wa ku America wa mawu amphamvu amene kwa zaka zambiri ankaimba kumbuyo kwa ena monga wothandizira. Gululi analitcha Fredericks Goldman Jones, mayina atandandalika motsatira afabeti, moti dzina la mwini nyimbo linakhala pakati. Anatulutsa zimbale ziwiri za mu situdiyo, cha 1990 ndi cha "Rouge" cha 1993 chimene anaimba ndi kwaya ya asilikali a ku Russia, ndipo ankaimba m'maholo akuluakulu ndi m'timaholo ting'onoting'ono momwe. Izi zisanachitike, mu 1987, nyimbo ya "Là-bas" anaimba ndi Sirima, mtsikana amene ankaimba m'masiteshoni a sitima zapansi panthaka ku Paris. Goldman ankafuna mawu oyenera nyimboyo, ndipo sanasamale kuti mwini mawuwo ndi wosadziwika.

Oimba ambiri akangotchuka amayamba kuona wagitala ndi wang'oma ngati antchito a pakhomo. Amawalipira mochedwa, sawatchula dzina pa siteji, akadwala amangopeza wina. Kenako amadabwa kuti bandi yawo imasintha nkhope mwezi uliwonse ndipo nyimbo sizikumvekanso monga kale. Michael Jones anaima pambali pa Goldman kuyambira m'ma 1970 mpaka ulendo womaliza wa 2002. Carole Fredericks anakhala naye mpaka imfa yake ku Dakar mu 2001. Ubale wotere ndi chuma cha woimba. Uziwalipira anzako tsiku limene munapangana, uziwatchula mayina pamaso pa anthu, ndipo wina akakuposa pa nyimbo inayake, mupatse maikolofoni aimbe.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti n'chachikulu pa zonse. Goldman ankanena kuti chimene ankafuna poyamba chinali kupekera ena nyimbo, ndipo anayamba kuimba yekha chifukwa panalibe ofuna kuimba nyimbo zake. Atatchuka anabwerera ku ntchito imeneyo. Mu 1986 analemba chimbale chonse cha "Gang" cha Johnny Hallyday, yemwe anali kale mfumu ya rock ku France. Mu 1995 anapekera Céline Dion chimbale cha "D'eux", chimene chinagulidwa pafupifupi makope 10 miliyoni padziko lonse ndipo ndicho chimbale cha m'Chifalansa chogulidwa kwambiri m'mbiri. Mu 1996 anapekera Khaled nyimbo ya "Aïcha", imene inadutsa malire ambiri ndipo gulu la Outlandish la ku Denmark linadzaimbanso m'Chingerezi. Nyimbo zina, monga ya Patricia Kaas ya "Il me dit que je suis belle", anazisaina ndi dzina lobisika la Sam Brewski, kuti anthu amvere nyimboyo ndi woimbayo, asamangoyang'ana dzina lake.

Kagwiridwe kake ka ntchitoyi kanali ngati ka telala wabwino, amene amayamba wayeza munthu asanadule nsalu. Asanalembere Céline Dion, anawerenga ndi kumvetsera zambiri zokhudza moyo wake, kuti mawu a nyimbozo amveke ngati akuchokera m'kamwa mwa mayiyo. Ali mu situdiyo anamupempha kuti achepetse kukweza mawu ndi kukometsera kochuluka, aimbe mofatsa, mphamvu aisungire pamalo pamene ikufunikadi. Woimba wa mawu aakulu chotero anamvera, ndipo zotsatira zake dziko lonse linazimva. Anagwiriranso ntchito limodzi mu 1998 pa "S'il suffisait d'aimer", ndipo mu 2016, mwamuna wa Céline, René Angélil, atamwalira, Goldman ndiye anamupekera nyimbo ya "Encore un soir". Patapita zaka zoposa 20, wamasiye uja anabwerera kwa munthu yemweyo, chifukwa ankadziwa kuti amamumvetsa.

Mphwanga, mawu amatha, nkhope imakwinyika, mavinidwe amasintha. Woimba amene amangodziwa kuima kutsogolo amakhala ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo ikatha amasowa kolowera. Koma wodziwa kupeka nyimbo amagwira ntchito mpaka imvi, ndipo nyimbo yake imalowa m'nyumba zimene iye sakanaloledwa kulowamo. Choncho yesera kulembera ena. Lembera mtsikana wa m'kwaya ya kwanu nyimbo yoyenera mawu ake. Lembera munthu wachikulire nyimbo yoti angaimbe popanda kuchita manyazi. Ukatha kulowa mumtima mwa munthu wina n'kumulankhulira, ndiye kuti wayamba kukhala wopeka nyimbo. Ndipo nyimbo yako ikatchuka m'kamwa mwa wina, usadye mutu ndi nsanje. Imeneyo ndi ntchito yako ikuyenda pamene iwe uli mtulo.

Koma kuti ikuyenderedi, uyenera kudziwa za mapepala. Apa m'pamene sukulu ya zamalonda ija inamuthandiza Goldman. Nkhani zake zandalama anaziika m'manja mwa mng'ono wake Robert, ndipo anatsegula kampani yawoyawo, JRG, yosunga umwini wa nyimbo zake. Ku France kuli bungwe la SACEM, limene linakhazikitsidwa mu 1851, lotolera ndalama za opeka nyimbo nthawi iliyonse nyimbo ikaimbidwa pa wailesi, pa kanema kapena pamalo a anthu ambiri. Ndalama zimenezo zimapita kwa wopeka ndi kwa mwini umwini wa nyimboyo, ndipo ndi zimene zachititsa kuti munthu amene anasiya siteji zaka zambiri zapitazo azikhalabe mosapempha. Kwathu kuno ntchito yotere ili m'manja mwa COSOMA. Kalembetse nyimbo zako. Usasaine pepala limene sunaliwerenge mpaka kumapeto, ndipo ngati pali mawu amene sukuwamva, pita nalo kwa munthu wodziwa malamulo. Mukapeka nyimbo awiri, lembani tsiku lomwelo kuti gawo la yani ndi lotani, mudakali kusekererana. Usagulitse umwini wa nyimbo chifukwa cha ndalama ya lendi ya mwezi umodzi.

Ndalama zikabwera, ukumbukire kuti luso lako lili ndi ngongole kwa anthu. Mu 1985 wanthabwala wotchuka Coluche anayambitsa bungwe la Restos du Cœur lopereka chakudya kwa osowa m'nyengo yozizira, ndipo anapempha Goldman kuti apeke nyimbo ya bungwelo. Anaipeka m'masiku ochepa, n'kutuluka kumayambiriro kwa 1986. Mu Juni chaka chomwecho Coluche anafa pa ngozi ya njinga yamoto. Ambiri akanati ntchito yathera pomwepo. Goldman anapitiriza, ndipo anadzakhala mtsogoleri wa zoimbaimba za Les Enfoirés, zimene oimba ambiri a ku France amachita chaka chilichonse popanda malipiro kuti ndalama zipite ku bungwelo. Anagwira ntchitoyi mpaka 2016. Kupereka thumba la ufa tsiku limodzi atolankhani akujambula n'kosavuta. Chovuta ndi kubwera chaka ndi chaka, mpaka zaka 30, kudzakonza ndondomeko, kuyeserera ndi oimba ovuta, n'kuonetsetsa kuti zonse zayenda. Sankha chinthu chimodzi chimene chimakupweteka mtima m'dera la kwanu, n'kuchigwiritsitsa kwa zaka, kaya kamera ilipo kapena palibe.

Palinso zina zimene suyenera kupereka kwa anthu. Goldman anali ndi mkulu wake wa bambo mmodzi, Pierre Goldman, munthu wandale zoukira amene anakhalapo m'ndende ndipo anawomberedwa n'kufa mumsewu ku Paris mu Seputembala 1979. Nkhaniyi inagwedeza France. Patangopita zaka ziwiri Jean-Jacques anatchuka, ndipo akanafuna akanaisandutsa chokokera anthu. Sanatero, ndipo pa moyo wake wonse wa kuimba sankakonda kulankhulapo. Banja lake ndi ana ake anawateteza chimodzimodzi. Masiku ano adzakuuza kuti kuti anthu akutsate uyenera kuwaonetsa kuchipinda kwako, mkangano wako ndi bwenzi lako, ngakhale misozi ya pamaliro a mayi ako. Usalole. Chimene waonetsa sichibwereranso m'nyumba, ndipo anthu amene wawazoloweza kudya zinsinsi zako adzafuna zina mawa. Apatse nyimbo. Chisoni chako chingalowe m'nyimbo mwaulemu, koma chisakhale malonda.

Chomaliza ndi kudziwa potsikira. Mu 2001 Goldman anatulutsa "Chansons pour les pieds", chimbale cha nyimbo zovina za mitundu yosiyanasiyana, chimene chinagulidwa kwambiri. Mu 2002 anayenda nacho m'mizinda, maholo akudzaza. Anali ndi zaka 50, mawu adakalipo, anthu akumufunabe. Pamenepo anaima. Sanatulutsenso chimbale china cha nyimbo zatsopano, anasamukira ku Marseille kukalera ana ake, n'kumangopekera ena mwa apo ndi apo. Ngakhale pochoka ku Les Enfoirés ananena kuti wakula ndipo ndi nthawi yoti achinyamata atenge malo. Sindikunena kuti woimba aliyense asiye ali ndi zaka 50. Charles Aznavour, wa ku France komweko, anaimba mpaka ali ndi zaka 94, ndipo zinamuyenera. Chimene ndikunena n'chakuti Goldman anatha kutsika pa siteji chifukwa anali ndi kopita. Anali ndi banja, anali ndi ndalama zosungidwa bwino, ndipo sankadziyeza ndi kuchuluka kwa m'manja. Woimba amene sadziwa kuti iye ndani magetsi akazima amakakamira pa siteji mpaka anthu amuthamangitse ndi chipongwe.

Sindikukulonjeza kuti ukatsatira zonsezi udzagulitsa zimbale mamiliyoni. Goldman anali ndi luso losowa, anabadwira m'dziko la msika waukulu, ndipo anafika pa nthawi imene mawailesi atsopano ankatsegulidwa ku France n'kumafuna nyimbo za achinyamata. Zimenezo si iwe wozisankha. Zimene zili m'manja mwako ndi izi: kumaliza sukulu, kusunga podyera, kuphunzira chida, kuimba m'chilankhulo chako, kulemekeza anzako a mu bandi, kuwerenga usanasaine, ndi kusunga za m'nyumba mwako. Ukachita zimenezi, nyimbo ikakukweza sudzagwa nayo, ndipo ikapanda kukukweza udzakhalabe munthu wodzidalira amene amaimba bwino, wopanda ngongole kwa wina aliyense.

Ndiye yamba sabata ino. Tenga nyimbo imene ukuiona kuti ndi yabwino kwambiri mwa zako, uchotse ng'oma za pakompyuta ndi zokometsera zonse, uiimbe ndi gitala yokha kapena mawu okha pamaso pa mayi ako ndi mwana wa pakhomo loyandikana nalo. Akatha kuibwereza mawa lake osaphunzitsidwa, uli ndi nyimbo. Akapanda kutero, usakwiye nawo. Khala pansi ulembe ina, ndipo Lolemba m'mawa upite kusukulu.